Mukayendera banja, lowaninso m'khitchini

Uthengawu ndi wa alangizi a zaumoyo, a zachitukuko ndi onse amene mumayendera mabanja kumudzi ndi m'tauni.

Tikafika pakhomo timafunsa za katemera, za kadyedwe ka ana, za sukulu, koma kawirikawiri timatsazika tisanaone pomwe mayi amaphikira. Lowani, muyang'ane kudenga. Ngati udzu wada bii ndi mwaye, dziwani kuti utsi womwewo ndi umene mayi akupuma akamauzira moto pamafuwa, ndipo khanda lili kumsanalo likupuma nawo.

Utsi wa nkhuni ndi makala umabweretsa chibayo mwa ana, chifuwa chokhalitsa, matenda a mtima, sitiroko ndi ng'ala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo oposa 237,000 anali ana osakwana zaka 5. Mwana akamatsokomola, kupuma mothamanga, nthiti n'kumalowa mkati, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenako amagona osadzukanso. Mbaula isagone m'nyumba.

Alangizeni kuphikira panja kapena kuboola zenera m'khitchini, kusonkhezera nkhuni zouma, kuvindikira mphika ndi kuviika nyemba usiku kuti zipse msanga. Majumbo asakolezere moto, utsi wake ndi poizoni. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa, ndipo mitengo ya nandolo yotsala m'munda mukakolola imayaka bwino mmenemo.

Funsaninso kuti amatola nkhuni ndani, ndipo amakatola kuti. Nkhalango ikamatha, mtsikana ndiye amalawirira mbandakucha kukayenda mtunda wautali yekha, n'kufika kusukulu mochedwa. Phiri likakhala mbee, madzi amatsika ndi matope ndi miyala, monga zinachitikira kuphiri la Soche ku Blantyre pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Wootcha makala musamufikire ndi ukali, nthawi zambiri ndi njala ikumutuma. Khalani naye pansi, mumulumikize ndi gulu la banki m'khonde, muonenso ngati banja lake lingalowe mu Mtukula Pakhomo. Nyengo ya mvula ikayandikira, kambiranani ndi amfumu za malo a nazale ya mitengo.