Malamba a nkhonya za heavyweight: tikuyankha madandaulo anu

Chitchulireni Oleksandr Usyk kuti ndiye katswiri wa heavyweight (gulu la ankhonya olemera kwambiri), foni ya ku desiki yathu ya zamasewera sikupuma. Ena akuti tikukondera. Nawa mafunso amene akubwera kawirikawiri.

Kodi malamba akuluakulu ndi angati?

Anayi: WBA, WBC, IBF ndi WBO. Awa ndi mayina a mabungwe oyendetsa nkhonya, ndipo lililonse lili ndi lamba wake.

Nanga bwanji pali anthu awiri kapena atatu omwe onse akutchedwa akatswiri?

Chifukwa bungwe lililonse lili ndi mndandanda wake wa ankhonya ndi lamulo lake loti mwini lamba amenyane ndi yemwe bungwelo lamusankha. Akakana, amamulanda. Usyk atagonjetsa Tyson Fury ku Riyadh, m'dziko la Saudi Arabia, mu Meyi 2024 adatenga malamba onse anayi, woyamba kugwira malamba onse a heavyweight kuchokera pa Lennox Lewis mu 1999. Pasanathe miyezi iwiri adasiya la IBF chifukwa adali atasainira kale nkhondo yachibwereza ndi Fury, ndipo lidapita kwa Daniel Dubois. Adadzalitenganso mu Julayi 2025 pomugwetsa Dubois ku Wembley.

Kodi mabungwewa amadya ndalama za ankhonya?

Apa tiyankhe mosamala, chifukwa ena mwatiimba mlandu woti timawaikira kumbuyo. Ndi zoona kuti bungwe limatenga gawo la ndalama zomwe wankhonya wapeza pa nkhondo yolimbirana lamba, nthawi zambiri pafupifupi 3 pa 100 iliyonse, ngakhale malamulo amasiyana pakati pa mabungwe. Iwo amati ndalamazi zimayendetsa maofesi, oyang'anira nkhondo ndi nkhani za chitetezo cha ankhonya. Sitikutsutsa zimenezo. Koma n'zovuta kukana kuti lamba aliyense wowonjezera ndi khomo lina lolowera ndalama, ndipo WBA kwa zaka zambiri idakhala ndi katswiri wa "super" ndi wina wa "regular" m'gulu limodzi lomwelo. Pa zachinyengo, chomwe chili m'mabuku a khoti ndi chakuti Robert Lee, yemwe adayambitsa IBF mu 1983, adapezeka wolakwa ku America mu 2000 pa milandu yobisa gwero la ndalama ndi kuzemba msonkho, pomwe pa milandu ya ziphuphu sadapezeke wolakwa. Kupitirira apa sitinena za munthu aliyense popanda umboni.

Kodi munthu angakhale katswiri osamenya nkhonya?

Inde, ndipo zimatipweteka kuvomera. Mu 1978 WBC idalanda Leon Spinks lamba chifukwa adasankha kubwereza ndi Muhammad Ali, n'kumupatsa Ken Norton pa tebulo. Mu 1992 Riddick Bowe adaponya lamba wa WBC m'bini ku London m'malo mokumana ndi Lewis, ndipo Lewis adalandira lambayo osaponya chibakera.

Kodi desiki yanu imatsata bungwe liti?

Palibe. Timayang'ana amene wagonjetsa katswiri yemwe analipo, m'bwalo, anthu akuona. Usyk adagonjetsa Anthony Joshua kawiri, Fury kawiri, Dubois kawiri. N'chifukwa chake tidamutchula choncho, ndipo sitibweza mawuwo.

Nanga lamba wa bungwe lina lotchedwa IBO?

Ulipo, koma sitiuwerengera pa anayi aja.