Kachilombo kachilendo mu nkhuku timakazindikira bwanji?

Nkhuku zikangoyamba kukhosomola n'kumafa alimi ambiri amangoti chitopa basi, koma chitopa ndi vairasi, ndipo aliponso mabakiteriya ambirimbiri ogwira njira yopumira ya nkhuku, ena mpaka pano alibe ndi dzina lomwe.

Tengani Ornithobacterium rhinotracheale, ife timangoti ORT. Mu 1991 ku South Africa mabroila ankadwala chifuwa, ukawang'amba m'timatumba ta mpweya muli zoyera ngati yogati, koma kachilombo kake sikamagwirizana ndi kalikonse kodziwika moti anthu ankangoti kofanana ndi bakiteriya wina wotchedwa Pasteurella. Dzina lenileni linadzabwera mu 1994 kuchokera kwa wasayansi Peter Vandamme ndi anzake ku Ghent, Belgium.

Kachilomboka ndi kovuta zedi mu labu. Timakadzala m'mbale ya agar (chakudya chomeretsera mabakiteriya) yosakaniza ndi magazi a nkhosa, kamafuna mpweya wa carbon dioxide wochulukirapo, ndiye kamamera mochedwa moti tsiku loyamba umangoona timadontho tating'onoting'ono, pomwe E. coli, bakiteriya wina wofala wa m'matumbo, wadzadza kale mbale yonse n'kukaphimba, wosadziwa amangolemba kuti vuto ndi E. coli nkhani yathera pomwepo. N'chifukwa chake timathiramo gentamicin ndi polymyxin kuti mabakiteriya enawo afe, ORT yo mankhwala amenewa kawirikawiri siiwamva.

Kukapatula kokha sindiye kuti wapeza mtundu watsopano ayi. Timawerenga jini ya 16S rRNA (kachigawo ka DNA komwe bakiteriya aliyense ali nako), ikafanana ndi ya achibale ake mosafika 98.7 peresenti ndiye timayamba kukaikira, kenako timafanizira DNA yonse ndipo ikafanana mosafika 95 kapena 96 peresenti ndiye kuti ndi mtundu watsopano. Ukatero uyenera kusungitsa kachilombo kamoyo m'nkhokwe ziwiri za maiko awiri osiyana, monga DSMZ ya ku Germany, kuti wina aliyense akathe kuyesa yekha, dzinalo n'kulowa mu magazini ya sayansi ya International Journal of Systematic and Evolutionary Microbiology. Ineyo lamuloli ndimalikonda ngakhale limachedwetsa zinthu.

Maina amasinthanso, kachilombo ka coryza, chimfine chotupitsa nkhope chija, kanali Haemophilus paragallinarum koma kuyambira 2005 ndi Avibacterium paragallinarum.

Pobweretsa sampulo kwa alangizi a ziweto bweretsani nkhuku yodwala yamoyo kapena yongofa kumene, imene simunaimwetse mankhwala, poti ya dzana yonunkha ija tingopezamo E. coli yekhayekha.