Chomwe chinakumanitsa andale ndi onyamula mfuti ku Sudan

Pa 3 December 2014, ku Addis Ababa, amuna anayi anasainira chikalata cha mgwirizano wa otsutsa boma la Sudan chomwe chinadziwika kuti Sudan Call. Mmodzi anali Sadiq al-Mahdi wa chipani cha Umma, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo mpaka Omar al-Bashir atamulanda boma mu 1989. Wina anali Minni Minnawi, amene asilikali ake ankamenyana ndi boma ku Darfur. Otsalawo anali Farouk Abu Issa, woimira mgwirizano wa zipani zotsutsa, ndi loya Amin Mekki Medani, woimira mabungwe omwe si aboma. Awiri omalizawa anali nkhalamba zopitirira zaka 70, koma atangobwerera ku Khartoum anamangidwa, n'kukhala m'ndende mpaka April 2015.

Ndikamaphunzitsa za kuyanjanitsa mbali zolimbana, funso limene silisowa ndi lakuti: munthu wa chipani, amene amati akufuna kusintha zinthu mwamtendere, amagwirana bwanji chanza ndi wonyamula mfuti? Ku Sudan, amene anawakumanitsa ndi boma lomwe ankalimbana nalolo.

Mu January 2014, Bashir, yemwe uja nkhani yake yofunidwa ndi khoti la milandu la padziko lonse (ICC) inachititsa kuti msonkhano wa African Union wa 2012 usamutsidwe kuchoka ku Lilongwe kupita ku Addis Ababa, analengeza kuti dziko lonse likhale pansi n'kukambirana. Al-Mahdi anavomera. Koma mu May chaka chomwecho anamangidwa chifukwa chonena poyera kuti gulu la asilikali a boma la Rapid Support Forces likuzunza anthu wamba. Tangoganizani: akuitanani kubwalo kuti mulankhule zakukhosi, mwangotsegula pakamwa akutsekerani m'chitokosi. Atatuluka patatha pafupifupi mwezi, anachoka pa zokambiranazo, ndipo mu August anali ku Paris akusainirana ndi Sudan Revolutionary Front, mgwirizano wa magulu oukira boma omwe unapangidwa mu 2011.

Pa mbali ziwirizi, iliyonse inali ndi chomwe inzake inalibe. Zipani zinali ndi mbiri, otsatira m'matauni komanso mawu omveka kunja, koma boma likafuna linkangolanda nyuzipepala, kuletsa msonkhano, kumanga atsogoleri awiri atatu, basi zonse zii. Oukirawo anali ndi mfuti ndi madera awoawo ku mapiri a Nuba m'chigawo cha South Kordofan, ku Blue Nile ndi ku Darfur, koma nkhondo yawo inali kutali kwambiri ndi Khartoum, ndipo boma silinkavutika kuwanena kuti ndi zigawenga za mitundu inayake basi. Atakhala pamodzi, wandale anapeza chowopsezera, woukira anapeza womulankhulira mumzinda.

Panali chinanso, chomwe kwa ine ndicho phata la nkhaniyi. Boma la Bashir linkadziwa kugawa adani ake. Za Darfur ankakambirana ku Doha, komwe pangano lina linasainidwa mu 2011. Za South Kordofan ndi Blue Nile zinali ku Addis Ababa, mkhalapakati wake ali Thabo Mbeki, mtsogoleri wakale wa South Africa. Zipani nazo zinali ndi bwalo lawo ku Khartoum. Aliyense ankaitanidwa payekha, kupatsidwa kampando kapena kalonjezo, n'kubwerera kwawo vuto lenileni lisanakhudzidwe, lomwe ndi lakuti chuma ndi ulamuliro zinaunjikana pakati pa dziko pomwe zigawo zakutali zikufa ndi umphawi. A Sudan Call ankati nkhondo zonsezo gwero lake ndi limodzi, choncho zikambidwe pa bwalo limodzi. Pamenepa ananena zoona, ndipo sindiona chifukwa chowadzudzulira.

Koma kusainira pepala limodzi sikunawasandutse a mtima umodzi. Bashir anapitiriza ndi chisankho cha April 2015, chimene otsutsa ambiri ananyanyala, n'kupambana ndi mavoti 94 pa 100 alionse. Mbeki atabweretsa ndondomeko ya zokambirana mu March 2016, boma linasaina pomwepo, a Sudan Call anakana. Atakakamizidwa anasaina mu August, koma zokambirana zinasokonekera m'masiku ochepa, makamaka pa nkhani ya njira yomwe thandizo la chakudya ndi mankhwala lidzere polowa m'madera a oukira. Zipani zina zinkaona kusainako ngati kugonja, ndipo zinapatukana ndi anzawo. Mu 2017 gulu la SPLM-North, la oukira a ku South Kordofan ndi Blue Nile, nalo linagawikana, ena kutsata Malik Agar, ena Abdelaziz al-Hilu.

Amene anagwetsa Bashir si mfuti za ku Darfur. Mu December 2018 anthu a ku Atbara anakwiya ndi kukwera mtengo kwa buledi, zionetsero n'kufalikira dziko lonse, zikutsogozedwa ndi madokotala, aphunzitsi, maloya ndi achinyamata a m'makomiti a m'madera. A Sudan Call analowa nawo posainira chikalata cha Freedom and Change, chofuna kuti Bashir atule pansi udindo, kumayambiriro kwa January 2019, ndipo pa 11 April asilikali anamuchotsa Bashir pampando. Mgwirizano wa 2014 uja unathandiza ndithu, chifukwa anthu omwe kale sankapatsana moni anali atazolowerana kukhala m'chipinda chimodzi.

Mdani atachoka, mpamene zinaoneka kuti anagwirizana za amene ayenera kuchoka, koma osati za amene adzasunge mfuti pambuyo pake. Magulu oukira anakasainira pangano lawolawo ndi boma latsopano ku Juba mu October 2020. Gibril Ibrahim wa gulu la JEM, limodzi mwa magulu oukira a ku Darfur, anakhala nduna ya zachuma, Minnawi anakhala bwanamkubwa wa Darfur. Patangotha chaka, otsatira awiriwa anali pakhomo pa nyumba ya boma ku Khartoum akupempha kuti boma la nduna yaikulu Abdalla Hamdok, lomwe linakhazikitsidwa Bashir atachoka, lithetsedwe. Pa 25 October 2021 asilikali otsogozedwa ndi mkulu wawo Abdel Fattah al-Burhan analanda boma, andale ambiri anamangidwa, koma Gibril ndi Minnawi anakhalabe pa mipando yawo. Zimandipweteka mtima, chifukwa achinyamata omwe anaphedwa m'misewu potsutsa kulanda bomako analibe mfuti yowagulira malo pa tebulo la zokambirana.

Pa 15 April 2023 nkhondo inabuka pakati pa asilikali a Burhan ndi Rapid Support Forces ya Mohamed Hamdan Dagalo, ndipo anthu mamiliyoni ambiri athawa m'nyumba zawo. Asilikali a Minnawi ndi Gibril anadzalowa kumbali ya Burhan. Al-Mahdi, amene anamangidwa mu 2014 chifukwa chochenjeza za gulu la Rapid Support Forces lomweli, izi sanazione. Anamwalira ndi Covid-19 mu November 2020.