Makalasi a atsikana odzivulaza: mayankho a zomwe mwakhala mukutifunsa

Chilengezereni makalasiwa foni ya kuofesi sikupuma, ena mukumabwera mmamawa kudzakhala pabenchi panja ndi mabuku akuchipatala mmanja. Ndiye tati tiyankhe pano zomwe zikubwerezedwa kwambiri.

Ndi a ndani?

Atsikana a zaka 13 mpaka 17 amuno mu Lilongwe omwe anadzivulazapo dala, ndipo atumizidwa ndi namwino, dokotala kapena a social welfare.

Mumaphunzitsa chani kwenikweni?

Si mapemphero ayi, komanso sitipereka mankhwala. Tiyerekeze mtsikana watumiza meseji pa WhatsApp, timizere tiwiri tija tasanduka ta buluu koma yankho zii. Mmutu mwake mlandu watha kale, amandida, aliyense amandida, ndiye mtima ukawawa choncho amathawira kudzivulaza kuti aziziritse. Ife timamuphunzitsa kuima kaye nkudzifunsa kuti ndikumva chani panopa, nanga mnzangayu zikumuchitikira ndi zotani, mwina bandulo yatha, mwina foni ili ndi amayi ake. Kenako kuyeserera kuyankhula, kuwauza amayi kuti "mawu aja andipweteka" mmalo mongodzitsekera kuchipinda. Njirayi anaiyambitsa ndi Anthony Bateman ndi Peter Fonagy ku London, ndipo kafukufuku wa Trudie Rossouw ndi Fonagy wa 2012 anapeza kuti achinyamata omwe anathandizidwa motere kwa chaka anachepetsa kudzivulaza kuposa anzawo omwe analandira chithandizo chanthawi zonse. Zathuzi ndi makalasi aluso chabe, sitikunena kuti ndi chithandizo chonse chija.

Pali alawansi?

Alawansi palibe, ndipo palibe wa kuofesi kuno analonjezapo. Zomwe tinanena ndi zoti tidzayesetsa kubweza ya transipoti, ndipo kuyesetsa si kulonjeza. Timaona kaye komwe mwana akuchokera, wa ku Area 25 kapena Chinsapo sangafanane ndi woyenda pansi, ndipo timawerengera mtengo wa minibasi osati kabaza, ngakhale tikudziwa kuti ambiri mumakwera kabaza. Nthawi zina imachedwa, izi tikuvomera, zimatengera kuti ndalama yafika liti. Ya kholo loperekeza pakadali pano sitingathe, nkhaniyi ikukambidwabe ndiye musatigwire mawu. Chomwe tikupempha ndi choti musabweretse mwana yemwe sanadzivulazepo chifukwa mwamva kuti kuli kena kake, malo ndi ochepa ndipo mukumulanda wina amene akuvutikadi.

Mukawauza makolo kapena apolisi zomwe mwana wanena?

Tikudziwa kuti mantha akuchokera pa ndime 229 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu, yonena za kuyesa kudzipha. Kudzivulaza nthawi zambiri si kufuna kufa, ndipo ife sitili pano kuti titengere ana kupolisi. Zomwe wanena mkalasi zimatsala mkalasi. Koma chinsinsi chili ndi malire, akaonetsa kuti moyo wake uli pachiopsezo, kapena pali munthu akumuchita nkhanza, tiuza oyenera kumuteteza ndipo timamudziwitsa iye poyamba. Kholo kapena womulera amayenera kusaina asanayambe, pokhapokha ngati vuto likuchokera pakhomo pomwepo, apo timakambirana ndi a social welfare.

Si kungofuna kuonetsa chabe? Ndikamukwapula sasiya?

Ambiri amabisa, nchifukwa chake mumamuona wavala juzi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Chikwapu chimangomuphunzitsa kubisa bwino. Mufunseni modekha, mumvetsere osamudula mawu.

Nanga anyamata?

Nawonso amadzivulaza, sitikukana. Kungoti gulu lawo pakadali pano tilibe.

Zikavuta usiku?

Osadikira tsiku la kalasi. Ngati wavulala kwambiri kapena wamwa china chake thamangirani ku Kamuzu Central kapena chipatala chapafupi, ku Bwaila kulinso gawo la matenda amaganizo. Nambala ya ana ya 116 ndi yaulere.