Katemera wa monovalent: chifukwa chake mwana amabwereza madontho a poliyo

Alangizi a zaumoyo akafika pakhomo ndi bokosi lawo la katemera, makolo ambiri amafunsa kuti: "Mwanayutu analandira kale kusikelo, mukumupatsanso chifukwa chiyani?" Gawo lina la yankho lili m'mawu olembedwa pa timabotolo tina, akuti monovalent.

Mawuwa amagwiritsidwanso ntchito mu chemistry, ponena za kanthu kogwira kanzake ndi dzanja limodzi lokha, monga sodium ndi chlorine, zomwe zikagwirana zimapanga mchere wothira m'ndiwo uja. Pa katemera, akutanthauza wophunzitsa thupi kulimbana ndi mtundu umodzi wokha wa kachilombo. Uja wobaya pantchafu pa masabata 6, 10 ndi 14 ndi pentavalent, chifukwa amateteza ku matenda asanu.

Kachilombo ka poliyo kali ndi mitundu itatu, ndipo mwana wotetezeka ku mtundu 1 atha kupuwala ndi mtundu 2. Kale madontho a mkamwa ankakhala ndi mitundu yonse. Mu April 2016 mayiko anachotsamo mtundu 2, poti wachilengedwe unaoneka komaliza ku India mu 1999. Madontho akusikelo masiku ano ali ndi mtundu 1 ndi 3, pomwe poliyo wa jakisoni ali ndi yonse itatu. Koma kumene ana ambiri sanabayitse, mtundu 2 wochokera ku katemera wakale umatha kuyendayenda mpaka kupezanso mphamvu. Zikatero azaumoyo amabweretsa madontho a monovalent aja, a mtundu 2 wokhawo, ndipo mwana amene analandira a 1 ndi 3 amawafunikirabe.

Kubwereza kulinso ndi chifukwa china: madontho samagwira mwa mwana aliyense ulendo woyamba, makamaka amene amatsegula m'mimba pafupipafupi. Tisamati poliyo ndi nkhani yakale. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mtundu 1 wapezeka mwa mwana ku Lilongwe, ndipo kachilomboko kanali kofanana ndi ka ku Pakistan.

Mwana wosakwana zaka 5 alandire madontho awiriwo ulendo uliwonse wa kampeni, ngakhale inki ya pachala ya ulendo wathawo isanafufutike. Kuchulukitsa sikuvulaza. Pitani ndi buku lake lakuchipatala kusikelo, ndipo funsani ngati anabayitsa poliyo wa jakisoni. Mwana wosakwana zaka 15 akafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.