Pa chipata amayang'ana pasipoti, osati chipembedzo

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akunena kuti mayiko a Aluya ndi a Chisilamu salola Myuda aliyense kulowa, ena n'kuwonjezera kuti ukangopondako ku Israel basi, zitseko zonse zakutsekekera. Apa pali kukokomeza.

Malamulo ambiri otere amakhudza pasipoti ya Israel. Myuda amene ali ndi pasipoti ya Britain kapena France amatengedwa ngati nzika ya dziko lakelo. Ngakhale ku Iran kuli Ayuda obadwira konko, ndipo ali ndi mpando wawo m'nyumba ya malamulo. Ku Mecca ndiye nkhani ina: saloleza aliyense amene si Msilamu, kaya Myuda kaya Mkhristu.

Mayikowa sayendanso chimodzimodzi. Egypt idapangana mtendere ndi Israel mu 1979, Jordan mu 1994, ndipo United Arab Emirates (UAE), Bahrain ndi Morocco adatsegula ubale mu 2020. Algeria ndi Pakistan akukanabe pasipoti ya Israel, pomwe Maldives idayamba kuikana mu 2025.

Pamene pamafunika kusamala ndi ku Lebanon ndi Iran, chifukwa kumeneko amabweza ngakhale mlendo wa dziko lina akaona umboni woti adafika ku Israel. Kuyambira 2013, pa bwalo la ndege la Ben Gurion ku Israel sadindanso m'pasipoti, amangopereka kakhadi. Koma viza ya ntchito, yomwe achinyamata a ku Malawi opita kukalima m'minda ya kumeneko amalandira, imatha kumatidwa m'pasipoti momwemo. Chidindo cha Egypt cha pa Taba, malire a Egypt ndi Israel, nachonso chimaulula kumene munthu wachokera, ndipo akakubweza pa chipata, kazembe wa dziko lako alibe mphamvu yosintha lamulo la eni dziko.