Mercury sapsa: samalani ndi zimene mukutaya pamoto wa zinyalala

Moto umanyeketsa mapepala, nsanza ndi zotsala za kukhitchini, koma mercury, chitsulo chapoizoni chamadzimadzi chonyezimira ngati siliva, sapsa ayi. Akatentha amasanduka nthunzi yosaoneka ndiponso yopanda fungo, n'kukwera limodzi ndi utsi. Amawira pa madigiri 357, pamene ng'anjo zikuluzikulu zootchera zinyalala za m'mizinda zimapitirira madigiri 850. Choncho pafupifupi yense amene walowa m'ng'anjomo amatulukira kuchumuni, pokhapokha atagwidwa panjira.

Mercury amapezeka m'mababu aatali a machubu, mababu opotana osadya magetsi ambiri, timabatire tina tangati mabatani, zoyezera kutentha kwa thupi zagalasi, makina akale oyezera BP, ndiponso mafuta ena oyeretsa khungu.

Choopsa chachikulu chimabwera mochedwa. Nthunziyo imagwa ndi mvula, n'kulowa m'mitsinje ndi m'nyanja, kumene tizilombo ta m'matope timaisandutsa poizoni wotchedwa methylmercury. Ameneyu amaunjikana m'nsomba, makamaka zikuluzikulu zodya zinzake. Mayi woyembekezera akadya nsomba zoterezi, poizoniyo amafika kwa mwana m'mimba n'kuwononga ubongo umene ukukula. Akuluakulu amachita dzanzi m'manja ndi m'mapazi, amanjenjemera, amayenda dzandidzandi, ndipo maso ndi makutu zimafooka. Izi zinaoneka ku Minamata, m'dziko la Japan, mu 1956, fakitale itathira mercury m'nyanja imene anthu ankapheramo nsomba. Pangano la Minamata, la mayiko osiyanasiyana lothana ndi mercury, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, limatchula ng'anjo za zinyalala pakati pa malo oyenera kuchepetsa mercury wotuluka mu utsi.

Ng'anjo zamakono zimaziziritsa utsi, kuuthira ufa wa makala okonzedwa mwapadera umene mercury amakanirirako, kenako n'kuusefa pansalu. Phulusa la m'sefamo limakwiriridwa pamalo otetezedwa. Nanga dzala la kuseri kwa nyumba lili ndi sefa? Utsi wake umapita m'mphuno mwa ana amene akusewera pafupi. Njira yotsika mtengo koposa ndi kupatula zinthuzi moto usanayatsidwe.

Sungani mababu ndi mabatire akutha m'katoni kapena m'botolo lotseka, patali ndi ana, ndipo funsani a zaumoyo kapena akhonsolo kokazisiya.

Babu kapena choyezera chikasweka, tulutsani ana ndi amayi oyembekezera, tsegulani mawindo, mudikire mphindi 15. Musasese ndi tsache, chifukwa limangomwaza timadontho. Wolani ndi chikatoni mutavala magolovesi kapena jumbo m'manja, tolani tizidutswa totsala ndi selotepi, n'kuika zonse m'botolo lagalasi lotseka bwino. Mukayamba kutsokomola, kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa mutapuma nthunziyo, pitani kuchipatala ndipo muwauze chimene chinasweka.